Ndani Anakweza Chisoso?

Minibasi yochokera ku Malomo inafika pa Mponela Lolemba dzuwa litakwera kale, ndipo Sadia anatsika fumbi lili m'nsidze ndi m'mphepete mwa mpango wake. Anali atakhala kwawo masiku khumi ndi awiri, kudwazika amayi ake omwe anagwidwa ndi chibayo mphepo ya Juni itangoyamba. Dzulo lake amayi akewo, mayi Hajara, anadzuka n'kuyamba kukalipa kuti mashelefu a m'sitolo ali ndi fumbi, ndipo aliyense pakhomopo anadziwa kuti achira.

Sadia ankagwira ntchito pa byulo ya matelefoni ya amalume ake a Jafali. Munali mafoni awiri, makina a fakisi ndi makompyuta awiri, ndipo m'chaka cha 2003 chimenecho anthu ankabwera kudzangosuzumira pawindo kuti aone chinthu chotchedwa intaneti. Amalumewo nthawi zambiri ankakhala ku Lilongwe, malowo n'kuwasiyira Sadia ndi mnzake Priscilla.

"Wabwera, mnzanga!" anafuula Priscilla, n'kumulandira chikwama. "Amayi ali bwanji?"

"Achira, Alhamdulillah. Kuno kwatha bwanji?"

"Kuno n'kuno. Alimi a fodya sakutipatsa mpata. Khala pansi, ndikupangire tiyi."

Chiyambire kugwira ntchito limodzi, Priscilla anali asanamupangirepo tiyi. Sadia anadabwa pang'ono, koma mtima wake unali pa wotchi ya pakhoma. Nthawi ya nkhomaliro itakwana, alimi atapita kukasaka chakudya, anakhala pa kompyuta ya pakona n'kulumikiza. Waya unalira ngati nyenje, kenako phee.

Masewerawo anali ndi dzina lalitali lachingerezi, koma anyamata a pa Mponela ankangowatcha Zilombo. Munthu umadzipatsa dzina, n'kulowa m'dziko la nkhalango ndi mapanga momwe mulinso anthu ena a kutali, n'kumasaka. Chilombo chilichonse chinali ndi levulo yake, ngati makalasi a kusukulu. Ukapha cholingana nawe umalandira mapointi apang'ono. Chaching'ono kwambiri sichikupatsa kanthu. Chachikulu chimapereka ambiri, koma kawirikawiri chimakupha ndicho, n'kukulanda omwe unasonkhanitsa. Mapointi akakwana, umakwera.

Amene anamuphunzitsa zonsezi anali Enoki, kalaliki wa bungwe lina la alimi pa boma la Dowa. Anabwera tsiku lina kudzatumiza fakisi, makina n'kukana, ndipo podikirira anamuonetsa masewerawo. Enoki anali Mkhristu wa ku Nachisaka, Sadia mwana wa che Sabiti, Msilamu wosaphonya swala ndi imodzi yomwe. Sakanayenda limodzi pamsewu wa Mponela popanda nkhaniyo kufika ku Malomo tsiku lomwelo. Koma m'masewera muja, nthawi ya nkhomaliro iliyonse, iye anali Chisoso, Enoki anali Gologolo, ndipo ankasaka nkhandwe limodzi uku akulemberana zomwe pakamwa sakanatha kunena.

Tsiku lomwe ankapita kwawo, Chisoso anali pa levulo 11, Gologolo pa 12. "Ndikudikira," analemba choncho Enoki. "Sindipha ngakhale khoswe mpaka ubwere. Tikwera limodzi."

Tsopano pagalasi panaoneka Chisoso atavala mkanjo wofiira womwe Sadia anali asanauonepo, mkondo wautali uli m'manja. Pamwamba pa dzinalo panalembedwa 18.

Anapukuta galasilo ndi chala. Nambala sinasinthe. Kenako anamwetulira. Ndi Enoki ameneyu, anaganiza choncho, wafuna kundidzidzimutsa. Dzina la Gologolo linali pamndandanda wa omwe alowa, likadali pa 12.

"Ndabwera!" analemba. "Amayi achira. Koma iwe, wamuchita chiyani Chisoso wanga?"

Yankho linachedwa.

"Zikomo pondidziwitsa. Mwakwera bwino."

"Mwakwera? Ulemu umenewu wayamba liti?"

"Munthu wa levulo 18 amafunika ulemu. Pitani, akukudikirani kuphanga."

Sadia anali atangoika zala pa mabatani pomwe magetsi anazima. Galasi linada bii, n'kungomuonetsa nkhope yake yomwe.

Foni ya pansi simadikira magetsi. Anaimba ku ofesi ya Enoki, atafulatira Priscilla yemwe ankatsuka makapu mwapang'onopang'ono.

"Sindingalankhule pano," anatero Enoki, mawu ali ouma. "Mawa m'mawa ndili ndi makalata okasiya kumeneko. Kuseri kwa chigayo."

Magetsi sanabwerenso tsiku limenelo.

* * *

Kuseri kwa chigayo kunali kwabwino chifukwa cha phokoso: munthu wodutsa sakanamva kanthu. Sadia anapeza Enoki atakhala pa njinga yamoto ya ku ofesi, maso ali ofiira ndi mphepo ya m'mapiri. Sanamupatse dzanja. Anatulutsa pepala m'thumba la jekete n'kulitambasula pa thanki.

"Ndawerengera katatu, kuti mwina ndikulakwitsa," anatero. "Kuchoka pa 11 kufika pa 18 pamafunika mapointi 42,000. Nkhandwe zathu zija ndi za levulo 10, imodzi imapereka 60. Ndiye kuti nkhandwe 700. Ife awiri, tsiku labwino, timapha zingati?"

"Enoki, tandimvera kaye..."

"Khumi ndi zisanu. Ndiye kuti mwezi ndi theka. Iwe wakwera m'masiku asanu."

"Sindinakwere ine!"

"Chilipo chilombo chimodzi chokha chomwe chingachite zimenezo. Njoka ya kuphanga, levulo 38. Imapereka 18,000, mukakhala awiri mumagawana pakati. Kasanu, nkhani yatha. Koma Chisoso yekha njoka imeneyo ingamumeze asanakweze n'komwe mkondo. Pamafunika wina wamkulu woti aziimenya, iwe utangoima kumbuyo kwake. Ndipo kuno konse, woti n'kuipha alipo mmodzi."

Sadia anamudziwa munthuyo. Namondwe, levulo 41. Ameneyo anali Ahmed, mwana wa mwini holoselo yaikulu ya pa Mponela, yemwe anali ndi kompyuta yakeyake mu ofesi ya bambo ake. Kawiri konse che Sabiti anali atatchulapo dzina lake pa nthawi ya chakudya, akumati ndi mnyamata waulemu, wosasowa kumzikiti.

"Ndinakuonani ndi maso angawa," anapitiriza Enoki. "Kuyambira Lachiwiri mpaka Loweruka. Chisoso ndi Namondwe, gulu limodzi, m'phanga. Ine Gologolo sindingalowemo, ndingafere pakhomo. Ndiye ndinkangoima panja ngati mlonda, kuona nambala yako ikusintha. 13. 15. 16. Ine ndili pa 12, kusunga pangano."

"Ndinali ku Malomo! Kompyuta ndikanaipeza kuti ku Malomo?"

"Unandilembera Lachiwiri kuti wabwerako msanga."

"Ndinakulembera chiyani?"

"Kuti wabwerako, koma watopa ndi nkhandwe. Kuti munthu sangakalambire pa zilombo zazing'ono." Enoki anaseka, koma kuseka kwake kunalibe mano. "Ndinamva, Sadia. Sindine mwana."

Injini ya chigayo inatsokomola n'kuyambiranso. Sadia anagwira chiwongolero cha njingayo ndi manja onse awiri.

"Tandiyang'ana. Masiku khumi ndi awiri ndakhala ndikugona pamphasa pafupi ndi bedi la amayi anga. Ndinachokapo kawiri kokha, kupita ku boma la Ntchisi kukatenga mankhwala. Amene anakulembera si ine. Wina walowa ndi dzina langa."

"Mawu achinsinsi olowera m'masewera amawadziwa ndani?"

"Ine ndi iwe."

"Ndiye ukuti ndine? Ndinadzilembera ndekha?"

"Sindikutero! Ngati sukukhulupirira, pita ku Malomo ukafunse."

"Ndikafunse ndani? Bambo ako? Ndikati odi, ndine Enoki wa ku Nachisaka, ndabwera kudzafunsa ngati mwana wanu anagona pakhomo?" Anapinda pepala lija n'kulibwezera m'thumba. "Ahmed ndi wa kwanu. Ali ndi holoselo, ali ndi galimoto, bambo ako amamukonda. Ukanangondiuza, ndikanamva kuwawa koma ndikanamvetsa. Mapanga awiri avumbwitsa, Sadia."

"Ukachoka pano usanandikhulupirire, usadzandifunenso."

Enoki anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kuti nkhope yake imuuze zomwe pepala lakana. Kenako anaponda kiki. Njinga inalira, n'kumusiya ataima pa madeya.

* * *

Atabwerera pa byulo anapeza magetsi ayaka. Priscilla anali atapita ku positi. Sadia analowa m'masewera, sanayang'anenso mkanjo wofiira uja, anangolunjika ku bokosi la makalata, momwe munkasungika zonse zomwe munthu walemberana ndi anzake.

Makalata a Enoki analimo onse, kuyambira Febuluwale. Pansi pake panali ena atsopano.

"Namondwe, ndithandizeni. Ndatopa kukhala pansi."

"Sadia? Ndimayesa uli ku Malomo."

"Ndili ku boma la Ntchisi, ndikubwereka kompyuta ku ofesi ya msuweni wanga. Musauze munthu."

Anapitiriza kuwerenga. Tsiku ndi tsiku mawu ankanka natsekemera. Chisoso ankayamikira mphamvu za Namondwe, ankafunsa ngati wadya, ankati m'phanga saopa kanthu akakhala naye. Lachinayi panali mzere umodzi womwe Sadia anauwerenga kawiri: "Dikirani kaye, kwabwera munthu wofuna fakisi." Ndipo Lachisanu:

"Ndiye ndiwauze amalume anga apite ku Malomo?"

"Auzeni. Ndavomera."

"Asalamu aleikum," anatero munthu kumbuyo kwake.

Anali Ahmed mwiniwake, atavala malaya oyera osita bwino, m'manja muli kaphukusi. Nkhope yake inali yowala ngati ya munthu amene wakhoza mayeso.

"Waaleikum salamu," anayankha Sadia.

"Ndamva kuti wafika dzulo. Ndinafuna kubwera nthawi yomweyo, koma ndinati upume kaye. Kampango aka ndinakagula ku Lilongwe. Ndi kofiira, ngati mkanjo uja."

"A Ahmed, khalani pansi."

Anamuuza zonse mosazungulira. Ahmed anayamba ndi kuseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Kenako kuseka kunatha. Anaika kaphukusi kaja patebulo mosamala ngati muli mazira.

"Masiku asanu," anatero. "Ndinkasiya anthu pamzere ku holoselo. Njoka ija inandipha kawiri poteteza iwe, ndinataya mapointi a mwezi wathunthu. Ndiye ukuti ndinkalankhula ndi ndani?"

"Simunadabwe ndi chilichonse?"

Ahmed anakanda chibwano. "Tsiku lina unalemba kuti 'Ambuye akalola.' Ndinangoti wazolowera kalankhulidwe ka anzako."

"Ine ndingalembe choncho?"

Ahmed anayang'ana pansi, kenako pawindo.

"Amalume anga anapita ku Malomo dzulo m'mawa," anatero pomaliza. "Mwasemphana panjira. Anatenga pepala, ndinasindikiza mawu a Lachisanu aja kuti bambo ako aone kuti sitikukukakamiza. Che Sabiti aimba m'mawa uno, akondwa kwambiri. Akubwera mawa kudzaonana ndi ababa."

"Ndiye muwauze kuti panali cholakwika."

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti ine, munthu wamkulu, ndafunsira mbeta kwa mzukwa? Mponela yense andiseka mpaka ndidzakalambe."

"Nanga ine? Ndikwatiwe chifukwa mukuopa kusekedwa?"

"Sadia, ine ndinakufuna kalekale, masewerawa asanabwere n'komwe. Amene analemba ndi ndani, sindikudziwa. Koma zomwe ndinalemba ine zinali zoona. Madzi akatayika saoleka. Akuluakulu akumana kale, ine sindibweza mawu." Anaima pakhomo n'kutembenuka. "Pokhapokha ngati pali chifukwa china chomwe ukukanira. Gologolo uja ankaima pakhomo la phanga masiku onse aja, ankadikira ndani?"

Anatuluka osadikira yankho. Kaphukusi kaja anakasiya patebulo.

* * *

Priscilla anabwera akuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Sadia anadikira kuti mayi wina amalize kuimba foni, kenako anakhoma chitseko n'kuika kiyi m'thumba.

"Bwanji, tikutseka masana?"

"Lachinayi lapitali, nthawi ya nkhomaliro, anabwera ndani kudzatumiza fakisi?"

"Ndingakumbukire? Amabwera ambiri."

"Mawu anga achinsinsi unawadziwa bwanji?"

Priscilla anaika makalata a ku positi pa kauntala, n'kuwalinganiza bwinobwino m'mbali. Atadzutsa mutu, nkhope yake inalibe manyazi ngakhale pang'ono.

"Umalemba ndi zala ziwiri, mnzanga. Miyezi inayi ndakhala pambali pako. Ngakhale wakhungu akanawaloweza."

"Chifukwa chiyani, Priscilla? Ndinakulakwira chiyani?"

"Enoki ndinamudziwa ndine poyamba. Takula mudzi umodzi, timapemphera mpingo umodzi, amayi ake amanditchula kuti mpongozi kuyambira ndili sitandade seveni. Tsiku lija ankabwera ndi fakisi, ankabwera kwa ine. Ndinangotuluka pang'ono kukagula mandasi, pobwera ndinapeza mukuseka pa kompyuta."

"Iye sanakufunsirepo."

"Akanandifunsira! Iwe ungamupatse chiyani kupatula mavuto? Bambo ako angamulole? Amayi ake angakulole? Mukungoseweretsana ngati ana, zaka zikupita. Ndakupezera mwamuna wa chipembedzo chako, wolemera, wokukonda. Ena akanandithokoza."

Sadia anamva dzanja lake likufuna kunyamuka lokha. Analigwira ndi linzake.

"Mawa ndiwauza ababa zonse. Ndi amalume omwe."

"Auze. Akakufunsa umboni, uwaonetse bokosi lija." Priscilla anamwetulira. "Ukuganiza kuti ndinalisiya chifukwa choiwala? Ndinayesa. Silifufuta kalata imodziimodzi, ukafuna kufufuta zimapita zonse. Ndiye sankha. Ukalisunga, bambo ako awerenga zanga, koma ayambira za Enoki, poti ndizo zili pamwamba. Ukalifufuta, patsala pepala la Ahmed lokha, ndipo Lachisanu lija unalidi ku boma kukatenga mankhwala. Unandiuza wekha pafoni."

Wina anagogoda pachitseko, akufuna kuimba ku Kasungu. Priscilla anatambasula dzanja.

"Kiyi, mnzanga. Makasitomala akudikira."

Madzulo ake, asanaweruke, Sadia anakhalanso pa kompyuta ija. Anaika kamuvi pa batani lofufutira. Anawerenga kalata yoyamba ya Enoki, yomwe ankamufotokozera kuti asathamangire zilombo zazikulu, ayambe ndi akhoswe a m'munda. Anawerenga ya Epulo, yomwe anamuuza koyamba kuti amamukonda, kenako n'kupepesa, kenako n'kubweza kupepesako. Dzina la Gologolo silinali pamndandanda. Anaimba ku ofesi ya ku Dowa, ndipo anamuuza kuti Enoki sanabwerere chichokereni m'mawa.

Anachotsa kamuvi kaja pa batani n'kuzimitsa kompyuta.

* * *

Che Sabiti anafika Lachitatu cha m'ma leveni, atavala mkanjo wawo wa pa Idi ndi kofia yatsopano. Ahmed anali pambuyo pawo, atawanyamulira chikwama.

"Mwana wanga!" anatero, manja ali m'mwamba. "Masiku onse aja uli pakhomo, osandinong'oneza? Amayi ako dzana analira ndi chimwemwe, mpaka chifuwa chinafuna kuyambiranso."

Sadia anagwada n'kuwapatsa moni. Priscilla anawabweretsera mpando, anawafunsa za ulendo mwaulemu wonse, n'kubwerera kuseri kwa kauntala.

"Ababa," anatero Sadia akadali chogwada, "pali nkhani. Mawu aja sindinalembe ine."

Che Sabiti anayang'ana Ahmed, kenako mwana wawo. Anapisa m'thumba n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi.

"Chisoso si iwe? Ahmed akuti ndi dzina lako la m'makinamu."

"Ndi langa. Koma wina anaba mawu otsegulira n'kumalemba ngati ndine."

"Lachisanu unapita ku boma. Unachedwa kubwera."

"Kuchipatala kunali mzere, ababa."

"Ndiye wakuba ameneyu anaba dzina lako kuti akupezere banja labwino? Wakuba wachifundo chotere ndinali ndisanamumvepo." Mawu awo anatsika, ndipo Sadia ankadziwa kuti akatsika choncho ndiye kuti zinthu zaipa. "Ndalandira anthu m'nyumba mwanga. Ndawapatsa dzanja pamaso pa shehe. Lero ukufuna ndikawauze kuti mwana wanga wasintha maganizo ngati mphepo ya pa phiri la Ntchisi?"

"Sindinasinthe. Sindinavomere n'komwe. Amene analemba ndi uyo." Analoza Priscilla.

"Ine?" Priscilla anagwira pachifuwa. "Bambo, ine za masewerazi sindizidziwa. Ntchito yanga ndi mafoni."

"Analemba masiku asanu otsatizana, ababa, kuyambira Lachiwiri mpaka Loweruka. Lachitatu ndinali kuti? Lachinayi si ine ndinkawasambitsa amayi masana, inu muli pakhonde? Masiku ake analembedwa m'makinamu, ndi nthawi yomwe."

Che Sabiti anatembenukira kwa Ahmed. "Zoona zimenezi? Masiku amalembedwa?"

"Amalembedwa, baba."

"Nanga bwanji pepala lako lili ndi tsiku limodzi?"

"Ndinasindikiza pofunikira pokha."

"Tsegula," anatero che Sabiti, akukokera mpando pafupi ndi kompyuta. Anatulutsa magalasi awo m'kachikwama n'kuwavala. "Sindinapite patali ndi sukulu, koma Chichewa ndimawerenga. Ndiona ndekha, kuyambira pamwamba mpaka pansi."

"Ababa, ndikuonetseni za sabata yathayi zokha..."

"Ndati kuyambira pamwamba. Munthu wosalakwa sasankhira bambo ake poti awerenge."

Waya unalira. Sadia analemba mawu achinsinsi ndi zala zake ziwiri, analakwitsa, n'kuyambiranso. Bokosi linatseguka. Che Sabiti anasendeza nkhope pafupi ndi galasi, chala chawo chikutsata mizere, milomo ikugwedera. Kalata ya akhoswe a m'munda anaidutsa mosalabadira. Ya nkhandwe chimodzimodzi. Anauza Ahmed kuti atsitse, ndipo Ahmed anatsitsa. Marichi anatha. Atafika pa Epulo chala chija chinaima.

Panja galimoto ya chipani china inadutsa ikuliza nyimbo pa chimkuzamawu, n'kukazimiririka kumsika.

Che Sabiti anawerenga kalatayo mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba. Anawerenga yankho la mwana wawo. Kenako anawongoka pang'onopang'ono.

"Izi za Epulo," anatero, "anakuberanso dzina?"

"Ayi, ababa. Izo ndinalemba ndine."

"Gologolo ameneyu ndani?"

Sadia anayang'ana simenti. Ahmed anayang'ana kudenga. Kuseri kwa kauntala Priscilla anakonza kukhosi, ngati munthu amene akufuna kuthandiza.

"Ndine, bambo."

Onse anatembenuka. Enoki anali ataima pakhomo, chipewa cha njinga chili m'khwapa, jekete ndi nsapato zili mbuu ndi fumbi lofiira. Sadia sanadziwe kuti wakhala ataima pamenepo nthawi yaitali bwanji. Maso ake sanali pa che Sabiti. Anali pa iye, ndipo munalibenso ukali wa dzulo.

Che Sabiti anavula magalasi, anawapukuta ndi mkanjo, n'kuwavalanso.

"Iwe ndakuonapo," anatero. "Si iwe unalowa m'sitolo mwanga dzulo madzulo? Wa bungwe la alimi, wogula mabatire? Unafunsa za odwala, unafunsa kuti ankawasamala ndani, ngati anachokapo. Ine n'kumati mnyamata waulemu bwanji. Ndinakukhazika pa benchi langa. Ndinakupatsa tiyi ndi dzanja langali."

"Ndine ndemwe, bambo. Dzina langa ndi Enoki, kwathu ndi ku Nachisaka. Ndinabwera ndi bodza, ndipo ndikupepesa. Koma zomwe mwawerengazo si bodza."

"Enoki," anabwereza che Sabiti, akulitafuna dzinalo ngati muli mchenga. "Umaswali mzikiti uti, Enoki?"

"Sindiswali, bambo. Ndine Mkhristu."

Foni ina inayamba kulira pa kauntala. Priscilla sanaiyankhe. Che Sabiti anapinda pepala la Ahmed kanayi, monga linalili, n'kuliika pa tebulo pafupi ndi dzanja la mwana wawo.

"Ahmed, tseka chitseko," anatero. "Iwe mtsikana wa mafoni, imbira a Jafali ku Lilongwe, uwauze kuti mbumba yawo ikuwafuna lero lomwe. Pano satulukapo munthu."